Musadikire laputopu, gemu itseguleni m'mimba pa foni yomweyo

Atsikana anzanga, pali chiganizo china chimene chatidyera zaka. Timachinena mokoma ngati ndi pulani: "Coding ndidzayamba ndikadzapeza laputopu." Ndiye timadikira. Laputopu ija sibwera, chifukwa mtengo wake ndi fizi ya temu yathunthu kapena kuposa apo. Ikati yabwera pakhomo imafikira m'manja mwa achimwene, ife tiziigwira iwo akagona kapena akapita koonera mpira. Chaka chimatha, china n'kuyamba, chiganizo chili chomwechija.

Ine ndikuti foni imene mukuwerengerapo iziyi ndi yokwana kuyambira. Ndipo khomo losavuta kulowera si buku lonenepa la Java ayi, ndi gemu. Kutenga gemu imene anthu ena analemba kale, kuitsegula m'mimba, kusinthamo kanthu kamodzi, n'kuona kuti chachitika n'chiyani. Kumeneko ndiye kupanga mod. Ndili ndi mawu enanso kwa aja amene akamva izi ayamba kunena kuti "basi atsikana mafoni akuwakwana, makompyuta tisawavutikire", koma amenewo adikire kaye, tiwapeza kumunsiku.

Tiyambire ku Rumphi, chifukwa kumeneko kukhala kutali ndi kompyuta si nkhani yongoyerekeza. Pamwamba pa phiri ku Khondowe pali University of Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 2003. Kumunsi kuli sekondale za ku Phwezi, ya pa boma, ndi ma CDSS amene amwazikana m'boma monse. Mtsikana amene akuphunzira za makompyuta pa malo amenewa, kapena amene anatsikira ku Mzuni ku Mzuzu, kompyuta amaigwira nthawi ya sukulu basi, mu lab, mosinthana ndi anzake. Holide ikafika amanyamula chikwama kupita kwawo ku Hewe, ku Mhuju, ku Ntchenachena kapena ku Chitimba kunyanja. Lab yatsala m'mbuyo. Kumudziko akumudikira ndi ndowa, nkhuni, fodya wofunika kusoka, khofi wofunika kuthyola.

Tsono coding ili ngati kuluka tsitsi. Imakhala m'zala. Ukasiya miyezi iwiri dzanja limauma, ukadzayambanso umachita kuganizira chinthu chimene kale chinkangochitika chokha. Mtsikana uja akabwerera ku sukulu amapeza mnzake wamwamuna amene anapita ku holide ndi laputopu ali patali. M'kalasi amaoneka ngati wofooka, pamene mutu wake ulibe vuto lililonse. Choopsa n'chakuti iye mwini amayamba kukhulupirira kuti izi ndi za anyamata. Ambiri timawataya pamenepo, osati pa mayeso.

Inu a ku Area 25, Ndirande kapena Chibavi musati izi n'za kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zimaunikira magetsi a Escom. Ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, tonse tinaona kuti kompyuta ya pa desiki yopanda magetsi ndi katundu wongofuna kupukutidwa fumbi. Foni ndi ina. Imadzadza ndi kasola kakang'ono ka padenga, kapena pa shopu ya pa trading centre ndi ndalama yochepa. Imalowa m'thumba la chitenje. Imapita nawe kuchigayo.

Ndisanapitirire, mawu akuti mod tiwakonze kaye, chifukwa kuno kwathu anaipa mbiri. Munthu akati "ndili ndi mod" nthawi zambiri akunena GB WhatsApp, kapena gemu yothyoledwa imene wina wamutumizira pa Bluetooth, yokhala ndi makoini osatha. Zimenezo si zimene ndikunena. Kuika apk yothyoledwa si kuphunzira, ndi kulowetsa mlendo wosamudziwa kuchipinda chako chogona. Sukudziwa amene anaisintha, sukudziwa chimene anabisamo, ndipo foni yomweyo ndi imene muli Airtel Money kapena Mpamba, zithunzi zako, ndi mauthenga ako onse. Chikomekome cha mkuyu, asisi. Mod imene ndikunena ndi ija umalemba wekha, mu gemu imene eni ake anasiya dala khomo lotsegula kuti anthu aziwonjezeramo zawo.

Ndipo musaione ngati masewera a ana. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati mod ya gemu ina yotchedwa Half-Life, yolembedwa ndi anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, ali ku sukulu. Kampani ya Valve inagula ntchito yawo n'kuwalemba ntchito. Dota inayamba ngati mapu osinthidwa mu Warcraft III. PUBG, imene azichimwene athu amatha nayo bandulo usiku wonse, inachokera kwa Brendan Greene wa ku Ireland, amene anayamba ndi kusintha magemu a Arma. Onsewa sanayambe ndi pepala lopanda kanthu. Anayamba ndi chinthu cha eni ake chimene chinkagwira kale ntchito, n'kumachisintha pang'onopang'ono.

Ngakhale kuno, yang'anani anyamata pa benchi ya pa barbershop. Wina wasintha yunifolomu mu Dream League Soccer kuti timu yake ivale zofiira za Bullets kapena zabuluu za Manoma. Wina wapenta basi mu Bus Simulator Indonesia kuti ifanane ndi imene amakwera popita ku Karonga. Kumeneko sikunafike pa kulemba code, koma ndi phazi loyamba: kuzindikira kuti gemu ndi mafayilo, ndipo fayilo imasinthika. Iwo amaphunzitsana zimenezi ataunjikana pa foni imodzi. Ife nthawi imeneyo tili pa mbaula.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda. Mu 2013 bambo wina wa ku America wolemba magemu, Mike Mika, mwana wake wamkazi wamng'ono anamufunsa chifukwa chake sangasewere ngati mtsikana mu Donkey Kong, gemu yakale ija imene Mario amakwera makwerero kukapulumutsa Pauline. Bamboyo anatsegula gemuyo n'kutembenuza zinthu: Pauline ndiye akukwera makwerero, Mario ndiye akudikira kupulumutsidwa. Zabwino ndithu. Koma mwana uja anachita mwayi wokhala ndi bambo wodziwa. Enafe tikadikira kuti wina atitembenuzire, tidikira mpaka imvi.

Nanga pa foni zimatheka bwanji? Apa ndichedwapo, chifukwa malangizo a "ingoyambani" opanda njira ndi amene atitopetsa.

Gemu imene ndingakuuzeni kuti muyambire ndi Luanti. Mpaka 2024 inkatchedwa Minetest, ndiye mukamafufuza mupeza mayina onse awiri. Anaiyamba Perttu Ahola wa ku Finland mu 2010. Ndi yaulere, imapezeka pa Play Store ndi pa F-Droid, ndipo maonekedwe ake ndi ngati Minecraft: dziko la mabokosi, umakumba, umamanga, umalima. Ukaitsitsa, n'kutsitsanso gemu imodzi ya m'kati mwake monga Minetest Game, basi, umasewera wekha popanda data. Kwa munthu amene ali ku Hewe kumene netiweki umachita kuikwerera pa chulu, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Chokoma chenicheni n'chakuti pafupifupi chilichonse chimene ukuchiona m'menemo, mtengo, chitseko, bedi, moto, chinalembedwa ngati mod, m'chilankhulo chotchedwa Lua, m'mafayilo oti ukhoza kuwatsegula n'kuwerenga ngati kalata. Palibe chobisika. Ukafuna kudziwa m'mene chitseko chimatsegukira, umapita mu foda ya zitseko n'kuwerenga.

Mod yako ndi foda imodzi. Tiyerekeze waitcha kwathu. M'kati mwake muli kafayilo kotchedwa mod.conf, m'mene umalemba dzina la modyo, ndi fayilo ina yotchedwa init.lua, m'mene muli code. Pambali pali foda ya textures yosungira tizithunzi. Mu Minetest Game muli tirigu ndi thonje, koma chimanga mulibe, ufa wa mgaiwa mulibe. Ndiye iwe ulemba mzere ngati uwu:

core.register_craftitem("kwathu:mgaiwa", {description = "Ufa wa mgaiwa", inventory_image = "kwathu_mgaiwa.png"})

Ukuuza gemu kuti pali chinthu chatsopano, dzina lake ndi ili, chithunzi chake ndi ichi. Chithunzicho ndi kabokosi ka timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, kojambulika ndi chala pa sikirini. Ukatsegula gemu n'kupeza ufa wako uli m'menemo, dzina lake lili m'Chichewa kapena m'Chitumbuka monga walembera wekha, pali kanthu kamene kamasintha m'mutu. Sindikudziwa kuti ndikatchule chiyani, koma amene anakamva amakadziwa.

Kuchoka apo umafuna zambiri. Ufa uchokere ku chimanga, ndiye uphunzira kulemba resipi ndi register_craft. Pakhale chigayo choti munthu akachidina ali ndi chimanga m'manja chimupatse ufa, akachidina ali chimanjamanja chimuuze kuti abwere ndi chimanga. Pamenepo walemba function, walemba if ndi else, osadziwa n'komwe kuti walowa mu silabasi. Ukufuna mtengo wa khofi ngati wa ku Phoka, woti uzibereka pakapita nthawi? Luanti ili ndi njira yotchedwa ABM, imene umaiuza kuti pa masekondi akutiakuti iziyang'ana mitengo yonse ya khofi, ndipo mwa mwayi wakutiwakuti ina ipse. Ukalakwitsa manambala munda wonse ukupsa nthawi imodzi, kapena sukupsa mpaka kale. Umabwerera, umasintha, umayesanso. Ma table, ma loop, ma variable, zonse zimene mu lab zimaoneka ngati chilango, apa umazifuna wekha chifukwa khofi wako sakubereka.

Ndipo uziphonya. Uiwala koma imodzi, gemu ikana kutseguka. Koma imakuuza fayilo yake ndi nambala ya mzere pamene yapunthwa. Kuwerenga uthenga umenewo modekha, osathawa, ndiye theka la ntchito ya munthu wolemba mapulogalamu kulikonse pa dziko lapansi. Ubwino wake pa foni palibe mnyamata waima kumbuyo kwako akupumira m'khosi kuti "tapatseni ndikupangireni". Amene munalowapo mu lab mukudziwa chimene ndikunena. Dzanja lija limangobwera n'kulanda mouse, vuto n'kuthetsedwa, iwe osaphunzira kanthu, n'kuthokozanso.

Kambiri ka Lua nakonso n'koyenera kukadziwa. Chilankhulochi sichinachokere ku America. Anachipanga mu 1993 ku yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil anthu atatu, Roberto Ierusalimschy, Luiz Henrique de Figueiredo ndi Waldemar Celes. Kwa zaka zambiri dziko la Brazil linali ndi malamulo okhwima oletsa kuitanitsa makompyuta ndi mapulogalamu kuchokera kunja, ndiye anthu anazolowera kudzipangira zida zawo. Anapanga chinthu chaching'ono, chopepuka, chosafuna makina amphamvu. Dzina lake m'Chipwitikizi ndi mwezi. Lero Lua ili mu World of Warcraft, ndipo Roblox imagwiritsa ntchito mphukira yake yotchedwa Luau. Chinthu chobadwira m'kusowa ndicho chikukwana bwino mu Itel yathu.

Amene muli ndi Minecraft ya pa foni, nayonso ili ndi khomo. Imeneyo ndi Bedrock Edition, ndipo zowonjezera zake amazitcha add-on. Zambiri zimalembedwa m'mafayilo a JSON, m'mene umasintha khalidwe la nyama kapena chinthu, ndipo zozama zimalembedwa mu JavaScript, chilankhulo chomwecho chimene chimayendetsa mawebusayiti. Fayilo ya mcpack ndi zip wamba yosinthidwa dzina, ukaidina Minecraft imailandira yokha. Vuto lake Minecraft ndi yogula, ndipo kugula pa Play Store kumafuna khadi imene ambiri tilibe. N'chifukwa chake ndaika Luanti patsogolo. Kwa wamng'ono wanu amene sanaonepo code, pali Pocket Code, imene anaipanga ku yunivesite ya zaluso ya TU Graz ku Austria dala kuti ana azipanga timagemu pa foni polumikiza timabokosi, osalemba chilichonse.

Polembera pakufunika pulogalamu yolembera code, monga Acode. Ndipo amene mwafika poti mukufuna kumva kukoma kwa sikirini yakuda ija, pali Termux. Itengeni ku F-Droid. M'menemo mumaikamo Lua, Python, ngakhale git, n'kumayesa timizere tanu popanda kutsegula gemu. Git musainyoze. Ndi imene imakuthandizani kukweza ntchito yanu pa GitHub tsiku limene mwapeza netiweki. Foni imabedwa mu minibasi, imagwera mu ndowa, imalandidwa. Mafayilo a code ndi opepuka kwambiri, mod yonse siifika ngakhale pa kavidiyo kamodzi ka TikTok. Ndipo tsiku limene mudzafunsire ntchito kapena sikolashipu, tsamba la GitHub lokhala ndi zinthu zimene munalemba nokha limayankhula kuposa kunena kuti "ndimakonda za makompyuta".

Kulemba ndi zala ziwiri pa galasi kumatopetsa, sindikubisirani. Zizindikiro zimene code imafuna zimabisala patsamba lachitatu la kiyibodi, ndipo autocorrect imasintha mawu ako ngati apongozi osafunsidwa. Izimitseni. Mukapeza kandalama, kachingwe ka OTG ndi kiyibodi yakale ya USB ya pa kaunjika wa zamagetsi zimasintha zonse. Foni itsamire kapu, kiyibodi pamwendo, mwakhala pa khonde. Chinanso, kuyambira Android 11 foda imene magemu amasungamo mafayilo inatsekedwa pang'ono, ndiye kulowetsamo mod yanu kukhoza kukudyerani madzulo amodzi. Musataye mtima poganiza kuti ndinu mbuli. Aliyense amavutika pamenepo.

Nanga batire ikatha? Kope ndi cholembera. Musaseke. Ada Lovelace mu 1843 analemba ndondomeko yowerengera manambala pa makina a Charles Babbage, makina amene sanamangidwe n'komwe iye ali moyo. Mu 1945 azimayi asanu ndi mmodzi anasankhidwa kuti ayendetse ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira a magetsi ku America: Kay McNulty, Betty Jennings, Betty Snyder, Marlyn Wescoff, Fran Bilas ndi Ruth Lichterman. Poyamba sankaloledwa ngakhale kulowa m'chipinda m'mene munali makinawo. Anapatsidwa mapepala a zojambula za mawaya, n'kuphunzira m'mene makinawo amaganizira kuchokera pa pepala. Makinawo ataonetsedwa kwa atolankhani mu 1946, mayina amene anatchuka anali a amuna. Kulemba code uli kutali ndi kompyuta si chinthu chachilendo kwa akazi. Tinayamba nako.

Ndiye lembani function ya chigayo chija mu kope, muiyendetse ndi chala mzere ndi mzere: munthu wabwera ndi chimanga chitatu, apa chatsala chingati, apa ufa ndi wochuluka bwanji. Foni ikadzadza mukungokopera n'kuona ngati munaganiza bwino. Amene amachita zimenezi amamvetsa code mozama kuposa amene amangodina run kambirimbiri kudikira mwayi.

Pali mbali ina imene anyamata sakumana nayo. Mnyamata akakhala pa foni maola atatu, kunyumba amati mwanayu ndi wa zamakono. Mtsikana akakhala mphindi makumi awiri, funso ndi lakuti ukucheza ndi ndani. Ena foni anagulira ndi chibwenzi, ndiye mwini ndalama amaona ngati ali ndi ufulu woifufuza, kuilanda akakwiya, kufunsa kuti pulogalamu yakuda iyi ndi yobisira chiyani. Ku sekondale zogonera komweko foni n'zoletsedwa, ndiye kwa ang'ono athu zonsezi ndi za pa holide, nthawi yomweyo imene ntchito zapakhomo zimachuluka. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kuonetsa. Aonetseni amayi chigayo chanu chikugaya pa sikirini, mawu ake ali m'chilankhulo chawo. Auzeni kuti ichi ndapanga ndine. Si makolo onse amene angamve, koma ambiri amaopa chimene sakuchiona.

Mukayamba kulowa m'magulu a opanga ma mod pa Discord ndi kwina, mupeza anthu okoma mtima amene amayankha mafunso a oyamba kumene, mupezanso agalu. Dzina la gemu lisakhale dzina lanu lenileni, chithunzi chisakhale nkhope yanu, sukulu yanu ndi dera lanu musatchule. Wina akati akuthandizani ku inbox koma muyambe mwatumiza chithunzi, mwadziwa kale. Jambulani sikirini, mutsekeni. Ngati ali m'dziko muno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti.

Tsopano aja ndinati adikire.

Foni ili ndi malire, ndipo aliyense wokuuzani kuti ilibe akukunamizani. Ma mod a Minecraft ya Java, aja a Forge ndi Fabric, amafuna kompyuta yokhala ndi memory yokwanira. Roblox Studio imayenda pa Windows ndi Mac basi. Unity ndi Blender nazonso zimafuna kompyuta, pa foni iwalani. Godot ili ndi mtundu wa Android, koma pa foni ya 2GB imatentha ngati mbaula. Pa sikirini yaing'ono umaona mizere khumi ndi isanu, pamene pulogalamu yeniyeni ili ndi mafayilo mazana. Ntchito yolipidwa imafuna kompyuta. Foni imasunga dzanja kuti lisaume, imakulowetsa pakhomo, koma sikufikitsa kuchipinda.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikamva nkhani za mtsikana wolimbikira amene anaphunzira coding pa foni yosweka zikukambidwa ngati zosangalatsa, anthu n'kuomba m'manja, n'kubalalika. Kulimbikira kwake n'koona. Koma funso lakuti n'chifukwa chiyani mchimwene wake ali ndi laputopu iye alibe, palibe walifunsa. Luso lathu lopirira lisasanduke chifukwa choti atipatse zochepa.

Ku Rumphi komweko mbiri inatiphunzitsa kale. Robert Laws atakhazikitsa Livingstonia pa Khondowe mu 1894, malowo anakhala patsogolo pa zaluso m'chigawo chonse chino. Pofika 1905 panali magetsi ochokera ku madzi, nthawi imene matauni ambiri ankaunikira nyali. Ku Overtoun Institution anthu ankaphunzira kusindikiza mabuku, ukalipentala, zomangamanga, kutumiza matelegalamu. Tchulani amene anatuluka kumeneko n'kutchuka: Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Amuna. Atsikana analipo, koma ambiri ankawakonzekeretsa kusoka, kuchapa ndi kusunga nyumba. Makina atsopano anafika pa phiri, n'kugawidwa monga mwa mwambo wakale. Palibe chimene chikuletsa kompyuta kugawidwa chimodzimodzi ngati tingokhala chete.

Zitsanzo zoti zikhoza kuyenda mwina zilipo. Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo oyamba a mtundu umenewu m'dziko muno, ndipo kuphunzitsa atsikana coding inali mbali ya ntchito yake. Ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub. Koma Lilongwe ndi Mzuzu si Mhuju. Mtsikana wa ku Mhuju sangakwere galimoto tsiku lililonse kukagwira kiyibodi, ndipo thiransipoti yake ya mwezi umodzi ikhoza kugula foni ina.

Ndiye zofunsa zathu n'zazing'ono, zotheka mawa lomwe. Lab ya pa sukulu imatsegulidwa nthawi yanji? Ngati nthawi yopanda kalasi ndi usiku wokha, pamene mtsikana akuopa njira yobwerera ku hostel kapena geti yake yatsekedwa kale, lab imeneyo ndi ya anyamata ngakhale pa chitseko sanalembe. Pa kompyuta imodzi pakakhala ana anayi, wagwira kiyibodi ndani, ndipo akulemba manotsi ndani? Aphunzitsi akhoza kungonena kuti musinthane pa mphindi khumi zilizonse, sizifuna bajeti. Makoleji amene amabwereketsa mabuku, chikuwaletsa n'chiyani kubwereketsa malaputopu ochepa pa holide, mosainira, kwa amene kwawo kulibe? Makompyuta aja amakhala miyezi iwiri atavindikiridwa nsalu m'chipinda chokhoma, pamene ana a m'mudzi woyandikana nawo ali pakhomo. Sekondale ikhoza kutsegula lab masana awiri pa sabata nthawi ya holide, mphunzitsi mmodzi alipo.

Ndipo kunyumba, laputopu ikagulidwa ndi ndalama ya fodya kapena ya khofi amene tonse tinagwirako ntchito, kapena yotumizidwa ndi achemwali a ku Joni, si ya mwana mmodzi. Nenani zimenezo pa nthawi yogula, osati itafika kale m'chikwama cha wina. Pakhale masiku odziwika, pasiwedi ikhale yodziwa onse.

Amene muli pa koleji, lab zambiri zili ndi kaundula wosainira polowa. Pemphani kuti mumuone. Werengani mayina a atsikana ndi a anyamata a mwezi wathawu, makamaka a madzulo ndi a Loweruka. Nambala imeneyo muilembe, mupite nayo kwa mkulu wa dipatimenti ndi ku bungwe la ophunzira, muli atatu kapena anayi, osati nokha.